Thanga la Amayi Anga

Anzanga a kuntchito amadziwa kuti chaka chatha ndinapita ku chilumba cha Chisi kukaonetsa mwana kwa apongozi. Chimene sadziwa ndi katundu amene ndinanyamula. Ndakhala ndikubisa chifukwa cha manyazi, koma ndatopa kuseka ndekha nkhani imene mbali yake ina siyoseketsa n'komwe.

Ndimakhala kwa Nthache, pamalo a amayi anga, ndipo ndimagwira ntchito pa kashopu kotayipa makalata ndi kupanga fotokope pa Mwanza Boma. Satifiketi yanga ya kukoleji inandifikitsa pamenepo basi. Amuna anga, a Fanuel, ankathandiza kulemba mapepala a katundu wa mathiraki kumalire. Kwawo ndi ku Chisi, pa nyanja ya Chilwa. Bambo awo atadwala sitiroko, anapita kukagwirizira boti la banja lomwe limawolotsa anthu ndi katundu. Anati akakhala mwezi umodzi. Nthawi imeneyo n'kuti ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Tiyamike atabadwa anabwera, anagona masiku anayi, n'kubwereranso. Nyumba imene anayamba kutimangira anaisiya yofolera theka. Mvula itayamba ndinatulutsa lona labuluu lofundira katundu pathiraki lomwe anagula kwa dalaivala wina n'kulisiya pansi pa bedi, ndinaliyala pamwamba pa mbali yopanda malatayo n'kulitsindira ndi njerwa.

Sindinama, ndinali nditayamba kuganiza kuti kuchilumbako kuli mkazi wina. Kumjigo anthu ankandifunsa mokoma, “Akamwini abwera liti kodi?” Ine ndinkangoti posachedwa, ndowa n'kuitukula isanadzaze.

Lachitatu lina, mwana ali ndi miyezi isanu ndi umodzi, foni inalira. Netiweki ya kuchilumba imabwera mwa apo ndi apo, moti mawu ankangodukaduka.

“Mervis, ubwere Loweruka ndi mwana, amayi akufuna amuone. Ndidzakuchingamira pa Kachulu. Ndiye usaiwale thanga lija... lalikulu lija...”

Inaduka. Ndinayesa kuimba kasanu, osapezeka.

Apa ndifotokoze. Amayi anga anabadwira kutsidya kwa malire, cha ku Zobue, ndipo m'nyumba mwathu dzungu timati thanga. A Fanuel ankawakonda maungu a amayi, koma ankangoti dzungu ngati anthu ena onse. Ndiye kumva iwo akutchula mawu athu, mawu a amayi anga, ndinakhala pansi pakhonde n'kuyamba kulira. Ndinati munthuyu watisowa. Amayi nawo atamva anaomba m'manja.

“Wapukwa ameneyo. Abwera, uona.”

Analowa m'munda okha n'kukadula thanga lalikulu kuposa onse, lija ankasungira mbewu. Kulikumbatira manja anga ankangokumana nsonga za zala.

Loweruka ndinadzuka kukungoyera. Mwana kumbuyo, chikwama cha matewera ndi botolo la madzi owiritsa paphewa, thanga m'thumba. Wa njinga yamoto amene ananditenga kupita pa Boma anayenda njira yonse akudandaula kuti chinthucho chikumukokera kumanzere.

Pa siteji ndinapeza minibasi ya ku Blantyre ikuoneka ngati yatsala pang'ono kudzaza. Nditangokhala, anthu anayi anatsika mmodzimmodzi. Anali ongokhalira mipando kuti ife tikopeke. Tinadikira ola lathunthu injini ikulira, dalaivala akusuntha pang'ono n'kubwereranso pomwepo. Kondakitala ananyamula thumba langa n'kuliika pansi msanga.

“Mayi, mwapha ndani? Uwu ndi mutu wa munthu uwu.”

“Ndi dzungu, achimwene.”

“Dzungu lotere limalipira mpando. Lili ndi chiphaso?”

Tinakangana mpaka anavomera kuti likhale pansi pa miyendo yanga. Ndinayenda maondo ali m'chifuwa, mwana ali pamaondopo. Pafupi nane panali mayi wina wonenepa wa dengu la manachesi. Anandiyang'ana, anayang'ana nsapato zanga za kuofesi, n'kunditengera Tiyamike osandifunsa.

“Bweretsani kuno, mungamuphwanye. Woyamba eti? Zikuoneka. Mwamuveka ngati tikupita kozizira.”

Zinali zoona, ndinamuveka juzi ziwiri ndi chipewa. Ndinkaopa mphepo ya panyanja. Ndinkaopanso madzi a kumeneko, udzudzu wa kumeneko, ndi maso a apongozi amene ndinangowaona kamodzi pa chinkhoswe.

Pa Zalewa tinatsika tonse kuti apolisi aone katundu. Mmodzi anamasula thumba langa, anagogoda thangalo ndi chala n'kutchera khutu ngati adokotala.

“Lakhwima ili. Mukupita nalo kuti?”

“Ku Zomba, kwa amuna anga.”

“Ku Zomba maungu anatha?”

Anthu anaseka, nanenso ndinaseka. Ndinali ndi chinsinsi changa mumtima, ndipo funsolo silinandilase.

Titadutsa Lirangwe tayala lakumbuyo linaphulika. Galimoto inapepeluka, mayi wa manachesi anakuwa dzina la Yesu, thanga linagubuduka mpaka kukagunda mpando wa dalaivala. Tayala lapadera linapezeka kuti nalonso lilibe mpweya. Kondakitala anakwera nalo galimoto ina kupita ku Lunzu, ife tinatsala m'mbali mwa msewu pansi pa kamtengo kopanda mthunzi. Tiyamike anadzionongera mpaka kumsana. Ndinamusintha nditagwada pa udzu, malole akutiwaza fumbi, ndikupukuta manja anga katatukatatu. Madzi a m'botolo anali atafunda ngati tiyi.

Pofuna kukweza jeke, dalaivala anasowa mwala wotchingira tayala lakutsogolo. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anayang'ana thumba langa.

“Mlongo, tabwereka chijachi kanthawi kochepa.”

“Muyerekeze!”

Ndinalikhalira. Ine mayi wa satifiketi ya kukoleji sindinaganizepo kuti ndingadzione choncho, koma ndinakhala pa dzungu m'mbali mwa msewu wa ku Blantyre kwa ola ndi theka, ndikuyamwitsa mwana. Mayi wa manachesi anandisendera limodzi n'kumandiika m'kamwa chibanthu chimodzichimodzi.

“Mwamuna wake ndi wabwino koma, woti n'kumuvutikira chonchi?”

“Ndi wabwino,” ndinayankha. Kenako ndinawonjeza chimene ndinali ndisanauzepo munthu. “Kungoti sindikudziwa ngati akadali wanga.”

Anangondipatsa chibanthu china.

Tinafika ku Wenela dzuwa lili pamutu. Kuchoka pamenepo kukakwera ya ku Limbe ndinasenza thanga pamutu popanda nkhata, mwana kumbuyo, nsapato zikundidya zidendene. Ku Limbe oitanira anandikokerana ngati nyama. Wina anathawa ndi chikwama kulowera ku minibasi ina, wina thumba ku inzake, ine pakati ndikukuwa. Ndinatsatira thumba. Ndikakumbuka zimenezi ndimachita manyazi, chifukwa m'chikwamamo ndi mmene munali buku la kusikelo la mwana. Mwamwayi anachibweza, akutukwana.

Njira ya ku Zomba sindinaione kwenikweni. Ndinkasinza n'kumadzidzimuka kuti ndione ngati mwana akupuma. Pa Thondwe linali tsiku la msika, galimoto inayenda ngati ikuperekeza maliro. Ndipo m'mbali monse mwa msewu munali maungu. Milumilu, aakulu ndi aang'ono, ena odula kale pakati. Ndinawayang'ana, ndinakumbukira funso la wapolisi uja. Koma ndinadziuza kuti amenewa ndi maungu chabe. A Fanuel anati thanga.

Ku Zomba galimoto za ku Kachulu zinali mapikapu a matola. Imene ndinakwera inali itadzaza madengu opanda kanthu onunkha nsomba, matumba a mchere ndi zigubu. Tinadikira maola awiri kuti akwane anthu. Foni ya a Fanuel inali yosapezekabe. Ndinagula chimanga chootcha koma ndinalephera kudya. Tiyamike anali atayamba kaliridwe kaja kotopa, kopanda misozi, ndipo ine ndinkangomugwira pamphumi kuti mwina watentha thupi.

Titapatuka pa Matawale n'kusiya tala, fumbi linatikuta. Moyang'anana nane munakhala mayi wina wamkulu wopita kukagula matemba, anzake ankamutchula kuti a Nasibeko. Anali wolankhula mokweza, wodziwa aliyense.

“Inu si akuno. Mukupita kwa yani?”

Ndinatchula dzina la apongozi anga aamuna.

“Aa, kwa odwala aja! Ndiye ndinu akazi a Fanuel? Abale, mwana uja wavutika. Thanga la bambo ake linang'ambika mvula isanathe, pano amangokankha boti ndi nsungwi, kupita ndi kubwera. Manja anatha. Dzana amatiuza kuti akazi anga akubweretsa lina kuchoka ku Mwanza. Lili kuti, mwaliika pansi pa mcherewu?”

Sindinamvetse. Ndinaloza thumba lomwe linali pakati pa mapazi anga.

“Ndi ili.”

A Nasibeko anaweramira, anamasula chingwe, anasuzumira. Kenako anadzutsa mutu.

“Mwanangu, ili ndi dzungu.”

“Ee, thanga. Kwathu timati thanga.”

Kuseka kunayambira kwa iwo, kunafalikira galimoto yonse mpaka dalaivala anatulutsa mutu pawindo kufunsa chachitika. Bambo wina anatsamwa ndi fumbi. A Nasibeko akupukuta misozi anandifotokozera, ngati akuphunzitsa kamwana, kuti thanga ndi chinsalu chachikulu chimene amachimangira pamtengo pakati pa boti kuti mphepo izilikankha. Ena amasoka matumba, opeza bwino amadula lona.

Lona. Labuluu, lalikulu lija. Mawu akuti thanga la boti ndinali nditawamvapo kutchalitchi, pa nkhani ya Paulo ali panyanja, koma sindinawaike kumutu. Kwa Nthache kulibe boti.

Anthu ankaganiza kuti ndangochita manyazi, ndipo anayamba kundipepesa uku akusekabe. Koma chimene chinandigwira sichinali manyazi okha. Tsiku lonse ndinanyamula chinthu chija ndi mphamvu ya ganizo limodzi, loti munthu woitanitsa dzungu la apongozi ake mtima wake uli kunyumba. Tsopano ndinadziwa kuti anaitanitsa chinsalu cha boti. Munthu wokhala mwezi umodzi sasoka thanga latsopano.

Ndinaganiza zoligubuduzira kunja thumbalo, koma mphamvu zinali zitandithera.

Pa Kachulu panali ntchentche, utsi wa nsomba zowamba ndi matope akuda. A Fanuel panalibe. A Nasibeko anandikhazika pa boti lina lovundikira, anandigulira thobwa lomwe sindinamwe poopa madzi ake, n'kupita ku malonda awo. Asanachoke nkhani inali itafika kale padoko lonse. Amuna osoka maukonde ankandiloza ndi milomo.

Ndinadikira pafupifupi ola. Kenako ndinaona boti likutuluka m'kanjira ka pakati pa mabango, munthu ataima kumbuyo kwake, akuzika nsungwi yaitali m'madzi n'kumaitsamira ndi thupi lonse. Sindinawazindikire mpaka atayandikira. Anali ataonda, atada, kolala ya malaya itang'ambika. Anatsika, anabwera molunjika kwa mwana. Pomunyamula ndinaona zikhato zawo. Zinali zong'aluka, chala china chomanga ndi kansanza.

Tiyamike anawayang'ana n'kuyamba kulira. Sankawadziwa.

“Mwayenda bwanji?”

“Tayenda.”

Anayang'ana chikwama, anayang'ana thumba. Munthu wina kumaukonde kuja anakuwa, “Fanuel, kweza thanga tione!” Doko lonse linaphulika. A Fanuel anatsegula thumba. Ndinaona nkhope yawo ikugwa kaye, ngati munthu amene wauzidwa kuti ntchito imene amaganiza kuti yatha iyambirenso. Kenako anakhala pansi pamatope pomwepo, mwana ali m'manja, n'kuseka mpaka kutsokomola.

“Mervis, iwe. Ndinaiwala kuti kwanu... Mayo ine. Wachoka nalo ku Mwanza ili?”

“Minibasi zitatu ndi matola.”

“Lona lija ndimanena. La pansi pa bedi.”

“Ndadziwa. Andiuza kale anthu onse a m'boma la Zomba.”

Ine sindinaseke.

Tinakwera ndi anthu ena awiri ndi matumba a mchere. Ndisanakhale anandiuza kuti ndimasule mwana kumbuyo.

“M'boti sabereka mwana. Umugwire m'manja, kuti zikavuta tithe kumulanda.”

Mawu amenewo anandimaliza. Ndinakhala pathabwa la pakati nditamukumbatira Tiyamike mpaka anadandaula, maso anga ali pa madzi amene ankalowa pang'onopang'ono pakati pa matabwa. Thanga la amayi analiika kutsogolo kuti boti lisapendekeke. Ntchito inalipeza.

Tinadutsa m'mabango, tinatulukira poyera. Chilumba chinkaoneka pafupi, phiri lobiriwira, koma sichinkayandikira. Kumbuyo kwanga ndinkangomva nsungwi ikulowa m'madzi, a Fanuel akubuula pang'ono, nsungwi ikutuluka. Pakati pa boti panali mtengo woimirira wopanda kanthu. Anthu awiri aja anali atagona pamatumba. Ndinalankhula osatembenuka.

“Mubwera liti kunyumba?”

Nsungwi inalowa, inatuluka, inalowanso.

“Bambo sadzaimanso, Mervis. Adokotala ananena. Boti ili likaima, amayi ndi alongo anga awiri ndi ana awo sadya.”

“Ndiye munadziwa kalekale.”

“Ndinkasowa poyambira. Pafoni mawu amaduka.”

“Kuli mkazi?”

Nsungwi inaima.

“Mkazi? Ndi manja awa? Tandiyang'ana.”

Ndinatembenuka, ndinawayang'ana, ndipo ndinawakhulupirira. Ndinayembekeza kuti mtima upepuka koma sunapepuke kwenikweni. Mkazi mnzanga analipo ndithu, ndipo ndinali nditakhala m'mimba mwake, madzi akundinyowetsa nsapato.

“Lona lanulo silili pansi pa bedi,” ndinatero. “Lili padenga. Pamwamba pomwe pamagona mwanayu. Dzinja lonse lakhala pamenepo.”

Ndikuganiza kuti m'mutu mwawo nyumba ija inali itaima monga anaisiyira m'chilimwe, youma, yongodikira.

“Ngakhale ndikanamva bwino pafoni paja, sindikanalibweretsa. Mukalifuna mubwere mudzalitsitse nokha. Mukatsitsa, muikepo malata.”

Ndinali ndisanawalankhulepo choncho chikwatirane. Mmodzi wa ogona aja ndinamuona akutsegula diso limodzi n'kulitsekanso.

“Ndamva,” anatero a Fanuel.

Patapita kanthawi kamphepo kanayamba kuomba kuchokera kumtunda, kumbuyo kwathu. Ndinaona iwo akuyang'ana mtengo wopanda kanthu uja. Chitenje chimene ndinaberekera mwana chinali pamiyendo panga. Ndinachitenga, ndinatulutsanso china chatsopano chomwe ndinagulira apongozi, ndinawaponyera. Anazilumikiza ndi mfundo, anazimangira pamtengo ndi pa kansungwi kena. Zinafufuma. Sindinganame kuti tinathamanga, koma boti linayamba kuyenda lokha pang'onopang'ono, ndipo iwo anakhala pansi koyamba, manja atawaviika m'madzi.

Tinafika choncho ku Chisi, maluwa ofiira a chitenje cha apongozi ali m'mwamba. Mudzi wake ndi waung'ono, nyumba zotsamira phiri, matemba oyanika paliponse. Apongozi aakazi anatichingamira padoko. Analandira mwana, anamununkhiza pamutu, kenako analandira chitenje chawo chonyowa ndi chokwinyika m'makona. Nkhani ya dzungu inali itawafika kale, kaya inadzera pati. Sanaseke. Analigogoda, analiyeza kulemera.

“Amayi anu ndi mlimi. Nthanga zake ndisunga.”

Apongozi aamuna ndinawapeza pamphasa, mbali imodzi yosagwira. Tinawaika Tiyamike pachifuwa, anamugwira ndi dzanja lomwe limagwiralo, milomo ikuyesa kunena chinachake chimene sichinatuluke. Pamenepo ndinamvetsa zimene a Fanuel ankalephera kunena pafoni. Kumvetsako sikunandichotsere kutopa, ndipo sikunafolere nyumba yanga.

Ndinakhala masiku atatu. Mwana sanadwale, ngakhale ndinkamugwira pamphumi kosalekeza. Kulikonse kumene ndinkadutsa ndinkamva, “Amake Thanga, mwadzuka bwanji?” Dzinalo lilipobe mpaka lero.

A Fanuel anabwera patatha milungu itatu, boti atasiyira msuweni wawo. Anakwera padenga, anachotsa njerwa, anatsitsa lona, anakhoma malata. Anakhala masiku asanu ndi anayi, okwanira kuti Tiyamike asiye kulira akawaona. Kenako anapinda lona lawo n'kupita. Sindinawaletse. Amabwera pakatha mwezi, nthawi zina iwiri. Kumjigo anasiya kundifunsa. Za kuti ndisiye ntchito ndikakhale kuchilumba timazikamba n'kuzisiya, timazikambanso n'kuzisiyanso. Ine madzi aja ndimawaopabe.

Mwezi watha ndinali pakhonde ndikuchapa pamene ndinaona munthu akubwera wapansi kuchokera kumsewu, atapindika, thumba lili paphewa. Anali a Fanuel, wa njinga yamoto anali atawakana. Anafika thukuta lili chuchuchu, malaya atamatirira kumsana, akung'ung'udza za kondakitala wa ku Limbe amene anawalipiritsa mpando wachiwiri. Nthanga zija zinamera kuseri kwa nyumba ya apongozi, ndipo loyamba kukhwima anati lipite kwa mwini mbewu.

Mwamwambo ndikanayenera kuthamanga kukawalandira katundu. Ndinapitiriza kuchapa. Ndinafuna alifikitse okha mpaka pakhomo.

Anadutsa pomwe ndinali, anakagwada pamaso pa amayi anga, anatula thumbalo pansi mosamala.

“Amayi,” anatero akupuma movutikira, “thanga lanu.”